Mmene Mungasankhire Gulu la Galimoto ya Hayala Kuti Musakadabwe Potenga Makiyi

Munthu amaona chithunzi cha galimoto yokongola pa foni, n'kulipira, n'kuuza a kunyumba kuti za mayendedwe zatheka. Tsiku lotenga makiyi likafika, amamulozera galimoto ina: buti yaing'ono, kumbuyo kothina, mwinanso ya magiya osintha pamanja pomwe iye anazolowera otomatiki. Akayamba kudandaula, wa pakauntala amamuonetsa mawu awiri amene anali pansi pa chithunzi chija m'timalemba ting'onoting'ono: "or similar". Tanthauzo lake n'lakuti "kapena ina yofanana nayo", ndipo apa ndi pamene pagona nkhani yonse.

Kampani ya hayala imakulonjezani gulu, osati galimoto ya pachithunzi. M'gulu limodzi mumakhala magalimoto a mayina osiyanasiyana, ndipo inu mudzalandira imene yabwezedwa, yatsukidwa, ndipo ili pabwalo pa ola limene mwafikalo. Choncho sankhani gulu limene ngakhale galimoto yake yochepetsetsa idzakwanira anthu anu, katundu wanu ndi msewu umene mukupita.

Zoti mukhale nazo pafupi

- Pepala ndi cholembera.
- Tepi yoyezera, ndi masutikesi enieniwo amene mudzanyamule.
- Laisensi yanu, ndi ya wina aliyense amene adzagwire chiwongolero. Onani tsiku limene inaperekedwa ndi limene idzathe.
- International Driving Permit (chilolezo choyendetsera galimoto kunja kwa dziko lanu) ngati dziko limene mukupita limaifuna. Imayenda limodzi ndi laisensi yanu, siilowa m'malo mwake.
- Pasipoti kapena chiphaso china chokuzindikiritsani.
- Khadi la ku banki la credit, lolembedwa dzina la dalaivala wamkulu.
- Mapu a ulendo wonse.
- Foni ya kamera, yotchaja mokwanira.

Gawo 1: Werengani anthu, kenako yezani katundu

Lembani chiwerengero cha akuluakulu, cha ana, ndi cha mipando ya ana imene ifunike. Kenako tulutsani masutikesi, muwayeze kutalika, mulifupi ndi kunenepa kwake. Musaiwale zinthu zosapindika bwino: ngolo ya mwana, njinga ya olumala, bokosi losungira zozizira.

Chenjezo lalikulu lili pa nambala ya mipando. Akalemba kuti mipando 5, akuwerenga malamba amene ali m'galimotomo. Sakunena kuti akuluakulu asanu akhala momasuka maola asanu ndi limodzi. M'magulu ang'onoang'ono mpando wapakati kumbuyo ndi wa mwana kapena wa ulendo wa mphindi makumi awiri. Ine ndimachotsa mpando umodzi pa nambala yolembedwayo ulendo ukakhala wautali, ndipo ndikakhala ndi mipando ya ana iwiri ndimawerenga kuti kumbuyo kwadzaza.

Tizithunzi ta masutikesi timene amaika pambali pa galimoto tisakunamizeni. Kampani iliyonse ili ndi muyeso wake wa chimene imatcha sutikesi yaikulu. Chodalirika ndi kukula kwa buti m'malita. Fiat 500 ili ndi malita 185, Kia Picanto 255, Volkswagen Polo yatsopano 351, Volkswagen Golf pafupifupi 380, pomwe Skoda Octavia ili ndi 600. Sutikesi yaikulu ya pa ndege, ija ya makilogalamu 23, imadya malita oyandikira 100, komabe musangogawa nambalazo n'kukhutira. Sutikesi ndi chinthu cholimba, buti nayo ili ndi makona ndi matumba a matayala. Buti ya malita 350 kawirikawiri imalandira masutikesi aakulu awiri movutikira, lachitatu ayi.

Izi ndinaziona ndi maso chaka china nditaperekeza mlamu wanga kukatenga galimoto pa bwalo la ndege. Anali anthu asanu ndi masutikesi aakulu atatu, ndipo iye anabukitsa Economy chifukwa panalembedwa mipando 5. Masutikesi awiri analowa, limodzi chogona, lina choimirira. Lachitatu tinalitembenuza mbali zonse, chitseko cha buti osatsekeka. Tinayesa kuliika pamiyendo pa ana awiri kumbuyo, mayi awo anangoti, "Ana angawa sayenda chonchi." Mlamu anabwerera ku kauntala n'kukalipira gulu lapamwamba pa mtengo wa tsikulo, umene unali wokwera kuposa umene anauona pa intaneti masabata atatu m'mbuyomo.

Gawo 2: Yang'anani msewu

Tsegulani mapu muone ulendo wonse. Ngati ndi m'tauni ya misewu yopanikizika ndi malo oimikapo ochepa, galimoto yaing'ono ndi mnzanu. Ngati ndi mtunda wautali pa msewu wa phula, mukufuna injini yoti isalire mukadzaza. Ngati muli zitunda, matope, mchenga kapena chipale, mukufuna galimoto yokwera m'mimba, mwinanso yokoka ndi matayala onse anayi.

Chenjezo: mapangano ambiri a hayala amaletsa kuyenda m'misewu yafumbi ngakhale galimotoyo ili SUV (ija yokwera m'mimba), ndipo inshuwalansi wamba nthawi zambiri siikhudza matayala, magalasi ndi kunsi kwa galimoto. Funsani musanalipire, ndipo yankho libwere molemba.

Gawo 3: Dziwani magulu ndi magalimoto amene amapezekamo

Mayina a magulu amalembedwa m'Chingerezi pafupifupi kulikonse, choncho ndiwasiya mmene mudzawaonere. Magalimoto amene ndatchula ndi zitsanzo zofala. Makampani amasintha magalimoto awo kawirikawiri, ndipo ina imene kuno ili m'gulu ili, kwina ili m'gulu loyandikana nalo.

*Mini.* Tigalimoto ta m'tauni monga Fiat 500, Kia Picanto, Hyundai i10 ndi Toyota Aygo. Anthu awiri ndi zikwama zam'manja. Gululi limapezeka kwambiri ku Ulaya.

*Economy.* Ku Ulaya ndi Volkswagen Polo, Renault Clio, Opel Corsa, Toyota Yaris. Ku America ndi monga Kia Rio ndi Mitsubishi Mirage. Ndi yabwino kwa anthu awiri a katundu wokwanira, kapena anayi opanda katundu wambiri. Imamwa mafuta pang'ono.

*Compact.* Ku Ulaya ndi Volkswagen Golf, Ford Focus, Opel Astra. Ku America dzina lomwelo limagwera pa galimoto yocheperapo monga Nissan Versa.

*Intermediate*, imene ena amaitcha *Midsize*. Ku America ndi Toyota Corolla ndi Hyundai Elantra. Ku Ulaya mungapeze Skoda Octavia kapena ina ya msinkhu umenewo. Ngati ndinu akuluakulu anayi ndi masutikesi awiri kapena atatu, yambirani pano. M'maganizo mwanga gulu limeneli ndi limene anthu ambiri amafunika, koma amalidumpha pofuna kupulumutsa pang'ono.

*Standard.* Volkswagen Jetta ku America, Volkswagen Passat ku Ulaya.

*Fullsize.* Toyota Camry, Nissan Altima, Chevrolet Malibu. Dzinali limasokoneza anthu. Munthu akamva Fullsize amaganiza chigalimoto chachikulu cha banja lonse, pomwe ndi galimoto wamba ya zitseko zinayi ndi mipando isanu, yokhala ndi malo ambiri a miyendo kumbuyo ndi buti yabwino. Anthu asanu ndi mmodzi salowamo.

*Premium* ndi *Luxury.* Apa mukulipira dzina, injini ndi zam'kati: BMW 3 Series ndi Mercedes-Benz C-Class, kenako BMW 5 Series ndi Mercedes-Benz E-Class. Malo a katundu sachuluka kwenikweni kuposa a Fullsize.

*Estate* kapena *Wagon.* Ndi galimoto wamba yotalikitsidwa denga mpaka kumbuyo. Ngati vuto lanu ndi katundu osati anthu, gulu ili limathetsa nkhani pa mtengo wabwino. Compact ya mtundu wa Estate nthawi zambiri imanyamula kuposa SUV yaing'ono.

*SUV.* Pano m'pofunika kudekha, chifukwa SUV ili ndi magulu akeake. Zing'onozing'ono monga Nissan Juke ndi Renault Captur ndi magalimoto a msinkhu wa Economy okwezedwa m'mwamba, ndipo buti yake siyosiyana kwambiri ndi ya Golf. Zapakati ndi Toyota RAV4, Nissan Rogue ndi Volkswagen Tiguan: anthu asanu ndi katundu wabwino ndithu. Standard SUV ndi monga Hyundai Santa Fe ndi Ford Edge. Zazikulu, zofala ku America, ndi Chevrolet Tahoe ndi Ford Expedition, za mipando 7 kapena 8. Kumwera kwa Africa mudzaona kwambiri Toyota Fortuner, ndi Toyota Hilux ya zitseko zinayi kwa opita kumisewu yovuta.

Chenjezo pa SUV za mipando 7: mzere wachitatu ukadzutsidwa, buti imatha. Pamatsala malo a zikwama ziwiri zofewa. Anthu asanu ndi awiri a masutikesi awo akufunika gulu lotsatirali.

*Minivan* ndi *Passenger Van.* Chrysler Pacifica ndi Toyota Sienna ku America, za mipando 7 kapena 8. Ku Ulaya kuli Mercedes-Benz Vito, Renault Trafic ndi Volkswagen Caravelle, zofika mipando 9. Kupitirira apo ndi maminibasi monga Toyota Quantum ndi Ford Transit.

M'mayiko ena, makamaka ku South Africa ndi oyandikana nawo, magulu amalembedwa kuti Group A, Group B, kumapita choncho. Zilembo zimenezi ndi za kampani iliyonse payokha. Group C ya kampani ina ingakhale yosiyana ndi Group C ya inzake, choncho musaziyerekeze.

Gawo 4: Pezani khodi ya zilembo zinayi

Ili ndi gawo limene anthu ambiri salidziwa, komatu ndi limene limakupatsani mphamvu pakauntala. Makampani akuluakulu a hayala amagwiritsa ntchito khodi ya zilembo zinayi yokonzedwa ndi bungwe la ACRISS, limene linakhazikitsidwa mu 1989. Ena amaitcha khodi ya SIPP. Mudzaipeza pa uthenga wotsimikizira kuti mwabukitsa, pa pangano, kapenanso pa kapepala ka pamakiyi. Imaoneka chonchi: ECMR, CDAR, IFAR. Chilembo chilichonse chili ndi ntchito yake.

Chilembo choyamba ndi gulu. M ndi Mini, E ndi Economy, C ndi Compact, I ndi Intermediate, S ndi Standard, F ndi Fullsize, P ndi Premium, L ndi Luxury, X ndi Special. Kupatula X, gulu lililonse mwa amenewa lili ndi mnzake wotchedwa Elite: H ndi Economy Elite, D ndi Compact Elite, J ndi Intermediate Elite, ndi ena otero. Elite ndi galimoto ya msinkhu womwewo koma ya dzina lodula, monga Audi A3 kapena BMW 1 Series m'malo mwa Golf. Katundu amene sanalowe mu C salowanso mu D.

Chilembo chachiwiri ndi kapangidwe ka thupi. B ndi ya zitseko ziwiri kapena zitatu, D ndi ya zitseko zinayi kapena zisanu, C ndi ya zitseko ziwiri kapena zinayi. W ndi Wagon, F ndi SUV, G ndi Crossover (yapakati pa galimoto wamba ndi SUV), V ndi yonyamula anthu ambiri, T ndi yotsegula denga, Q ndi pick-up ya zitseko zinayi. Taonani C ameneyu. Akunena kuti kampani ili ndi ufulu wokupatsani ya zitseko ziwiri. Ngati muli ndi khanda loti muziliika ndi kulitulutsa pampando wakumbuyo kakhumi patsiku, kapena agogo oti sangapinde msana, funani D.

Chilembo chachitatu ndi magiya ndi matayala okoka. M ndi ya magiya osintha pamanja, A ndi otomatiki. Ziwirizi sizinena kanthu za matayala okoka. N ndi yapamanja ya 4WD, B ndi otomatiki ya 4WD, C ndi yapamanja ya AWD, D ndi otomatiki ya AWD. 4WD ndi AWD ndi mitundu iwiri ya magalimoto okoka ndi matayala onse anayi.

Chilembo chachinayi ndi mafuta ndi makina oziziritsa mpweya. R akunena kuti makina oziziritsa alimo koma mtundu wa mafuta sunatchulidwe. N ndiye kuti mulibe. D ndi dizilo, V ndi petulo, H ndi hybrid (yoyendera mafuta ndi magetsi), E ndi yamagetsi.

Tiyeni tiwerenge. ECMR ndi Economy, zitseko ziwiri kapena zinayi, magiya apamanja, yoziziritsa. CDAR ndi Compact, zitseko zinayi kapena zisanu, otomatiki, yoziziritsa. CWMR ndi Compact ya Wagon yapamanja. Tsopano IFAR: SUV yapakati, otomatiki, yoziziritsa. Anthu osawerengeka amabukitsa IFAR poganiza kuti apeza galimoto yokoka ndi matayala onse, chifukwa pachithunzi pali RAV4 yaima pathanthwe. Chilembo A sichinalonjeze zimenezo, ndipo SUV zambiri za hayala zimakoka ndi matayala akutsogolo okha. Ngati ulendo wanu uli ndi matope kapena mchenga, chilembo chachitatu chikhale B, D, N kapena C.

Pa magalimoto onyamula anthu ambiri, chilembo choyamba chimasonyeza mipando: SV ndi mipando 7 kupita m'mwamba, PV ndi 8, LV ndi 9. Ku America minivan imalembedwa MVAR, ndipo M ameneyo asakuopseni, si kagalimoto ka Mini.

Ngati khodi siikuoneka pa tsamba limene mukubukitsira, lemberani kampaniyo muifunse. Makampani ang'onoang'ono ena saigwiritsa ntchito. Kwa amenewo pemphani kuti akulembereni zinthu zinayi zomwezi m'mawu: msinkhu, zitseko, magiya ndi makina oziziritsa.

Gawo 5: Tsimikizani magiya

Ku America pafupifupi galimoto iliyonse ya hayala ndi otomatiki. Ku Ulaya ndi m'mayiko ena ambiri, magulu otsika mtengo amakhala apamanja pokhapokha mutasankha otomatiki mwadala, ndipo za otomatiki zimakhala zochepa, zokwera mtengo, zothanso msanga nyengo ya alendo. Mtengo wotsikitsitsa umene ukuoneka pamwamba pa tsamba kawirikawiri ndi wa galimoto yapamanja.

Ngati laisensi yanu ndi ya otomatiki yokha, kuyendetsa yapamanja n'kuphwanya lamulo m'mayiko ambiri. Komanso ngati mukupita kudziko limene amayenda mbali ina ya msewu, giya idzakhala ku dzanja limene simunalizolowere. Pamenepo otomatiki imachotsa nkhawa imodzi pa tsiku limene mutu wanu uli kale ndi zambiri.

Gawo 6: Onani ngati gululo likukulolani

Gulu likamakwera, malamulo amakhwimanso. Makampani ambiri amalipiritsa ndalama yowonjezera kwa dalaivala wosakwana zaka 25, ndipo sabwereketsa Premium, Luxury kapena galimoto yonyamula anthu ambiri kwa achinyamata otere. Ena amafuna kuti laisensi ikhale itatha chaka chimodzi kapena ziwiri. Pa magalimoto odula kwambiri ena amafuna makhadi awiri.

Chikole nachonso chimakwera ndi gulu. Ndalama imeneyi amaitsekera pa khadi lanu mpaka mutabweza galimoto, ndipo simungaigwiritse ntchito masiku onsewo. Yerekezani chikole ndi ndalama imene khadi lanu limalola. Onaninso ndalama imene mudzalipire nokha galimoto ikawonongeka inshuwalansi isanalowererepo, chifukwa nayo imakula pamodzi ndi mtengo wa galimoto.

Pa laisensi, m'mayiko a European Union laisensi wamba ya B imalola dalaivala ndi anthu ena osapitirira 8, ndi galimoto yosapitirira makilogalamu 3,500. N'chifukwa chake magalimoto ambiri a mabanja kumeneko amalekezera pa mipando 9. Minibasi yoposa apo imafuna laisensi ina. Dziko lililonse lili ndi malire ake, choncho funsani musanabukitse.

Gawo 7: Bukitsani, ndipo sungani umboni

Yerekezani mitengo ya khodi imodzimodzi pakati pa makampani, osati ya zithunzi zofanana. Onaninso mtengo wa gulu limodzi pamwamba pa limene mwasankha. Nthawi zina kusiyana kwake n'kochepa kwambiri, ndipo nthawi zina gulu lalikulu limatsika kuposa laling'ono chifukwa aang'ono akufunidwa ndi ambiri.

Mukaona gulu lolembedwa Special kapena khodi yoyamba ndi XX, dziwani kuti mwavomera kulandira iliyonse imene yatsala. Ingakhale yabwino, ingakhalenso pick-up kapena yamagetsi. Munthu wa banja ndi katundu asayese mwayi umenewu. Ngati mukufunadi galimoto ya dzina lakutilakuti, makampani ena ali ndi mwayi wotsimikizira dzinalo pa mtengo wokwererapo, ndipo pamenepo mawu aja oti "or similar" sapezeka.

Lembani ola lenileni limene mudzafike, ndi nambala ya ndege ngati mukutengera pa bwalo la ndege. Mukachedwa osadziwitsa, galimoto ya gulu lanu ingaperekedwe kwa wina. Uthenga wotsimikizira uja muujambule pa foni kuti muzitha kuutsegula popanda intaneti.

Gawo 8: Pakauntala

Musanasayine, funsani dzina la galimoto imene akukupatsani ndi khodi yake, n'kuyerekeza ndi yanu chilembo ndi chilembo. Pangachitike zinthu zitatu.

Ngati khodi ikufanana koma galimoto si ya pachithunzi, kampani sinalakwe. Mungapemphe mwaulemu kuti akuonetseni ina ya gulu lomwelo, makamaka ngati buti yachepa. Ambiri amavomera ngati ilipo.

Ngati gulu lanu latha, chizolowezi cha makampani ambiri n'chakuti akupatseni gulu lapamwamba popanda kuwonjezera ndalama. Koma tcherani khutu pa mafunsidwe. Wa pakauntala angati, "Bambo, ndili ndi SUV yabwino kwambiri, ndikuikeni m'menemo?" osatchula kuti yanu yatha kapena kuti iyi ndi yolipira. Inu yankhani momveka: "Zikomo mayi. Kodi ya gulu limene ndinabukitsa ilipo? Ndipo iyi ndi ya mtengo womwewo?" Akati ndi yaulere, onani pa pangano kuti mtengo wa patsiku ndi chikole sizinasinthe. Galimoto yaikulu yaulere si nthawi zonse imakhala mphatso, chifukwa imamwa mafuta ambiri ndipo imavuta kuimika. Muli ndi ufulu wofunsa ina yoyandikira imene munasankha.

Ngati akukupatsani gulu lotsika, kapena yapamanja pomwe munabukitsa A, musangolandira makiyi. Pemphani kuti achotsere mtengo, alembe pa pangano, ndipo akuuzeni tsiku limene mungasinthe. Lonjezo la pakamwa lidzakhala litaiwalika pa tsiku lobweza, mwinanso pakauntala padzakhala munthu wina.

Akakupatsani yamagetsi musanaipemphe, ganizirani kumene mudzatchajire pa ulendo wanu ndi moto umene akufuna kuti mudzaibweze nawo. Ngati simunakonzeke, kanani.

Gawo 9: Yesani galimoto isanachoke pabwalo

1. Ikani katundu yense m'buti, mutseke chitseko. Chitani izi poyamba, pamene kauntala ili pafupi.
2. Aliyense akhale pampando wake amange lamba. Mangani mipando ya ana. Ngati yanu ndi ya ISOFIX, ija imakolekedwa ku tizitsulo ta mumpando wa galimoto, pisani dzanja pakati pa msana ndi pokhalira mupeze tizitsulo take.
3. Onani giya, ndipo ngati munalipira 4WD kapena AWD, pezani chizindikiro chake kumbuyo kwa galimoto kapena batani lake m'kati.
4. Lizani injini, yatsani makina oziziritsa, mudikire mpaka mphepo yozizira ituluke.
5. Tsegulani kachitseko ka thanki muwerenge ngati ndi petulo kapena dizilo. Khodi yothera ndi R sinakuuzeni zimenezi, ndipo kuthira mafuta olakwika ndi ngozi imene inshuwalansi wamba kawirikawiri siilipira.
6. Tukulani kapeti ya m'buti. Magalimoto ambiri atsopano alibe tayala la sipeya, ali ndi kabotolo komatira ndi kapampu basi. Ngati mukupita kutali ndi tauni, ndi bwino mudziwiretu.
7. Zungulirani galimoto mukujambula: mabampala, marimu, galasi lakutsogolo, denga, mipando, geji ya mafuta ndi makilomita. Pokalika paliponse palembedwe pa fomu musanatuluke pageti.

Zolakwika zimene zimabwerezedwa kawirikawiri

*Kukonda chithunzi.* Munthu amasankha kampani iyi chifukwa yaika galimoto imene amailakalaka, pomwe khodi yake ndi yofanana ndi ya kampani ina yotsika mtengo. Tsiku lotenga, onse awiri angalandire galimoto imodzimodzi.

*Kubukitsa yaing'ono podalira kuti akakukwezani mwaulere.* Zimachitika, koma pokhapokha zazing'ono zitatha. Zikakhalapo, mudzalandira ndendende imene munalipira, katundu ali panja.

*Kutenga dzina la gulu kuchoka nalo dziko lina kupita lina.* Amene anayendapo pa Compact ku Ulaya n'kupeza Golf amaganiza kuti kulikonse zidzatero. Fufuzani zitsanzo za dziko limene mukupita, ulendo uliwonse.

*Kuganiza kuti SUV iliyonse ndi yaikulu ndipo ndi ya m'matope.* Chilembo choyamba chikuuzani msinkhu, chachitatu chikuuzani matayala okoka. F wa pa chilembo chachiwiri, payekha, sanena chilichonse mwa ziwirizi.

*Kuwerenga mipando n'kuiwala buti*, makamaka pa za mipando 7.

*Kubwera ndi khadi la munthu wina.* Mkazi wabukitsa ndi khadi lake, woyendetsa ndi mwamuna, ndipo pakauntala akufuna khadi la dzina la woyendetsayo. Makampani ena amakana khadi la debit, makamaka pa magulu apamwamba, ngakhale muli ndalama zokwanira.

*Kusalembetsa dalaivala wachiwiri.* Malamulo a zaka ndi laisensi a gululo amamukhudzanso iyeyo, ndipo akachita ngozi dzina lake lisali pa pangano, inshuwalansi ingakane kulipira.

*Kusayina pa kompyuta ya pakauntala osawerenga.* Apa ndi pamene kukwezedwa gulu kumene munamva ngati kwaulere kumasanduka ndalama ya tsiku lililonse. Pemphani kuti akubwezereni pamzere wa mtengo wonse, muuyerekeze ndi wa pa uthenga wanu, ndipo pangano lomaliza akutumizireni kapena akusindikizireni musanapite kukatsegula galimoto.